Masabata Atatu Opanda Mchere

Dokotala atanena kuti adzadula fupa la pachifuwa changa ndi sowo, ine ndinagwedeza mutu ngati munthu amene amadulidwa ndi sowo chaka chilichonse. Mkazi wanga Nelesi anali pambali panga, akulemba zonse pa tsamba limene anang'amba mu kope. Ine sindinalembe kanthu. Zimene zinanenedwa pambuyo pa sowoyo ndinazimva ndithu, koma zinkafika ngati zikuchokera m'chipinda china.

Chinali chaka cha 1996, nyengo yozizira. Ndinali ndi zaka makumi anayi ndi zitatu, ng'ombe zinayi zamkaka pa kamunda kathu kufupi ndi Palabana, ndi mtima umene unali utayamba kundichititsa manyazi pagulu. Kale ndinkakwera chitunda cha kwa mnansi wathu Jonas ndi zigubu ziwiri za mkaka panjinga, ndikuimba mluzu. Tsopano ndinkatsika pakati pa chitunda n'kumanamizira kuyang'ana tcheni mpaka mpweya utabwerera. Mapazi anatupa moti nsapato za kutchalitchi zinandikana. Ndikakhosomola, nthawi zina ndinkaona timagazi pa mpango, ndipo ndinkaupinda msanga.

Dokotalayo anati mumtima muli valavu, yofanana pang'ono ndi ya chubu cha njinga, ndipo yanga inawonongeka ndi matenda a pakhosi amene ndinadwala ndili mwana ku Katete. Inali itasiya kutseka bwino, magazi n'kumabwerera kumapapo. Madokotala ochokera kunja ankabwera ku chipatala chachikulu cha ku Lusaka kwa masabata awiri okha, ndipo mwamwayi dzina langa linali pa mndandanda. Ankati adzaimitsa mtima wanga, makina n'kumaugwirira ntchito, iwo n'kusokerera valavu yachitsulo. Ndinafunsa ngati makinawo amayendera magetsi. Anati inde, ndipo funso lachiwiri ndinalimeza.

Kenaka anawerenga zoti ndichite pokonzekera. Mano owola azulidwe, chifukwa dothi la m'kamwa limatha kuyenda mpaka kumtima. Mapiritsi okodzetsa ndisaphonye. Zigubu ndisanyamule. Mchere ndisaulawe n'komwe, chifukwa umasunga madzi m'thupi. Ndipo pofika Lachisanu lomaliza ndikhale nditatumiza anthu anayi kukapereka magazi, kuti Lolemba lake andigoneke. Akapanda kupezeka anthuwo, malo anga apatsidwa wina, ine n'kudikira chaka china kapena ziwiri. Ponena zaka ziwirizo, dokotala anayang'ana mapazi anga, osati nkhope.

Kunyumba ndinakonzekera mwachimuna. Ndinauza aliyense wobwera kudzagula mkaka kuti ine mpeni sindiuopa, ndipo mano awiri amene anandizula ndinawasunga mu kabokosi ka machesi n'kumaonetsa alendo. Zotsalazo anachita ndi Nelesi. Iye ndiye ankakama ng'ombe, n'kukwera chitunda chija ndi zigubu. Iye ndiye ankakwera minibasi kawiri pa sabata kupita ku Lusaka kukatenga mapiritsi, kukafunsa za chithunzi cha pachifuwa chimene chinasowa, n'kukachipezanso. Anandisokera malaya ogonera a mabatani kutsogolo, poti munthu wong'ambidwa pachifuwa sangakweze manja. Ndipo anasiya kuthira mchere m'ndiwo. Poti mphika unali umodzi, nayenso ankadya zomwezo, osadandaula. Wodandaula ndinali ine.

Chovuta chinali magazi. Zaka zimenezo munthu ankalolera kukubwereka ngolo ndi ng'ombe zake zomwe, koma osati dzanja lake kwa nesi, chifukwa aliyense ankadziwa kuti magazi amayamba ayezedwa. Anansi amene ankandiitana kuti m'bale wawo anadwala malungo onse sabata imodzi. Mwana wathu Daliso anali wamng'ono msinkhu, kusukulu yogonera komweko. Abale a Nelesi anali kutali ku Chadiza. Pomaliza amalume anga a Tenson, amene amalima ku Bundabunda, analonjeza ana awo aamuna atatu, anyamata oti bambo awo akapanda kutsokomola sasuntha. Wachinayi anali Nelesi mwini.

Zonse zinali m'malo mwake, ndipo ndicho chimene chinkandisowetsa mtendere. Ndinkafuna kuti china chake chilakwike. Sindinauze munthu, koma ndinali ndi mantha oti ndikaona mpeni wa buledi patebulo, ndinkauphimba ndi mbale.

Kutatsala masabata awiri, mlongo wanga wamkulu Doris anatsika basi kuchokera ku Katete ndi nkhuku m'khwapa ndi chikwama chachikulu chamizeremizere. Anati wabwera kudzandidwazika. Doris ndi amene anandibereka kumsana amayi atamwalira, ndipo mpaka lero amandiona ngati katundu wake amene anangobwereka kwa mkazi wina. Iye ndi Nelesi ankalemekezana kwambiri, ulemu uja wa anthu amene sanaiwale kalikonse.

Pa chakudya choyamba Nelesi anaika ndiwo za repu ndi nkhuku ija, n'kuika kasosa ka mchere pambali pa mlendo. Doris analawa, n'kusiya kutafuna.

"Alamu, mwaiwala mchere mu ndiyo?"

"Sininaiwale, alamu. Ba dokota anakamba kuti atate a Daliso asadye mchere. Wanu ni uwo pa sosa, muziikira mweka."

Doris anati oho, n'kudzithirira. Koma ndinaona maso ake akutsika kupita ku mapazi anga, n'kukwera kufika pachifuwa, n'kuwolokera kwa Nelesi.

Apa ndiyenera kufotokozera amene anakulira m'tauni. Kwathu kuli matenda otchedwa mdulo. Amati mkazi akayenda ndi mwamuna wina n'kubwera kudzathira mchere m'ndiwo za mwamuna wake, amamudula: munthu amatupa mapazi, amamva kuwawa pachifuwa, amakhosomola magazi. Ndipo mkazi amene akudziwa kuti walakwa, akachita mantha, amasiya kuthira mcherewo ndi dzanja lake. Amatuma wina, kapena amangouika pambali. Mkazi amasiyanso kuthira mchere akakhala kumwezi, koma zimenezo ndi za masiku ochepa.

Doris anawerenga masiku. Anafunsa mkazi wa Jonas, amene sanabisepo chinthu chiyambire kubadwa, ndipo anamva kuti mphika wathu wakhala wopanda mchere masabata atatu, ndiponso kuti Nelesi sakutha masiku atatu osakwera minibasi. Anaonanso kuti ine sindigona kuchipinda koma pampando wa pabalaza, nditatsamira mapilo. Chifukwa chake chinali choti ndikagona chagada ndinkabanika, koma Doris sanafunse. Tsiku lina Nelesi atapita ndi mkaka, Doris anapeza mpango wanga uja akuchapa, n'kubwera nawo atautambasula.

Anandikhazika pansi n'kundiuza kuti ndine chitsiru. Anati azungu andidula chifuwa pachabe, matenda ali m'nyumba momwemo. Anati mdulo suchira ndi mpeni, umachira ndi mizu, wolakwayo akaulula n'kupereka mankhwalawo ndi dzanja lake, ndipo munthu amadzuka pa masiku atatu. Anatchula anthu awiri a kumudzi amene anachira choncho, mmodzi wa iwo ali moyobe.

Ine ndine munthu wophunzira pang'ono. Ndinaona chithunzi cha mtima wanga ndi maso angawa, ndipo Nelesi ndinali nditakhala naye zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Ndinkadziwa kuti Doris akunena zopanda mutu. Koma mawu akuti masiku atatu, popanda sowo, anandilowa ngati tiyi wotentha m'mawa wa Juni. Ndinangoti nkhani zotere n'zovuta, ndipo Doris anamva zimene ankafuna kumva. Madzulo ake anatumiza mawu ku Bundabunda.

Amalume a Tenson anafika Lolemba masana, sabata ya magazi ija, atavala jekete ndi zomangira thalauza za panjinga. Iwo ndi mkulu wa mpingo, ndipo anayamba n'kunena kuti monga Mkhristu za mdulo sazikhulupirira. Anapitiriza kuti komabe zinthu zimene munthu sazikhulupirira zapha anthu ambiri, choncho si zoseweretsa. Tinakhala pabalaza, iwo pampando wanga wa mapilo, ine ndi Doris pa benchi, Nelesi pansi pafupi ndi chitseko, manja akununkhabe mkaka.

Doris anayala mlandu wake bwinobwino: kasosa, minibasi, mpando, mpango. Nelesi poyamba anaseka, poganiza kuti mwina ndi nthabwala za chilamu zimene zapitirira muyeso. Ataona kuti akuseka yekha, anadzuka n'kukatenga pepala lija m'Baibulo momwe ankalisunga. Amalume analiyang'anitsitsa, n'kufunsa kuti analemba ndani. Nelesi anati analemba ndi iye, dokotala akulankhula. Amalume anati ndiye kuti ndi mboni yodziitanira yokha. Khadi la kuchipatala, lokhala ndi chidindo, linali ndi tsiku ndi nambala ya wodi basi.

Kenaka anatembenukira kwa ine.

"Ezironi, iwe unalipo. Dokota anakamba za mchere olo sanakambe?"

Nelesi sanandiyang'ane n'komwe. Anali akupinda pepala lake, ali ndi chikhulupiriro chonse kuti nkhaniyo yatha.

"Anakamba zambiri, amalume," ndinatero. "Za mchere sinikumbukira bwino."

Manja a Nelesi anaima. Ndakhala ndikuuza anthu kuti tsiku limenelo mutu sunkayenda bwino chifukwa cha mapiritsi. Ndi bodza. Ndinkakumbukira ngakhale cholembera chimene dokotala anagogoda nacho patebulo ponena za mcherewo. Ndinagulitsa mkazi wanga chifukwa choopa sowo, ndipo pa nthawiyo chimene ndinamva si manyazi koma mpumulo.

Amalume anagamula kuti ana awo sapita kukapereka magazi mpaka za m'nyumba zitakonzedwa, poti sangathire madzi mu ndowa yobooka. Anati agona konkuno mpaka Lachinayi, ndipo anapempha kuti ndiwo zawo aziphika ndi Doris.

Lachiwiri Nelesi anayenda tsiku lonse kufunafuna anthu ena atatu. Anafika mpaka ku Chalimbana kwa mnzake wina wa kusukulu. Anapeza amayi awiri a mumpingo ovomera, koma mmodzi anali woyembekezera ndipo winayo anali wowonda moti nesi akanamupatsa magazi m'malo momutenga. Lachitatu m'mamawa ndinamupeza kukhola akukama. Ndinaima potsamira mtengo wa mpanda, ngati munthu amene wabwera kudzaona ng'ombe zake.

"Atate a Daliso," anatero osatembenuka, "niuzeni chabe. Mufuna kuyenda ku opaleshoni olo simufuna?"

Ndinayankha kuti si nkhani ya kufuna, koma kuti munthu sanganyoze akuluakulu. Anandikumbutsa zimene dokotala ananena za zaka ziwiri. Ndinati madokotala nawonso ndi anthu. Apo anatembenuka n'kundiyang'ana nthawi yaitali, ndipo ndikuganiza kuti ndi pamene anaona bwinobwino chimene anakwatiwa nacho. Anamaliza kukama, n'kusefa mkaka, n'kutsuka ndowa.

Masana anapempha kuti tikhalenso pabalaza. Anagwada pamaso pa amalume, n'kunena kuti ali ndi mawu, koma ayambe amva lonjezo: akalankhula n'kuchita zonse za mankhwala, anyamata atatu aja apita ku Lusaka Lachisanu, ine ndichire kapena ndisachire. Amalume anaganiza pang'ono n'kuvomera. Anati mankhwala a makolo ndi a chipatala salimbana, bola zinthu zichitike mwa dongosolo lake.

"Ninalakwa," anatero Nelesi.

Amalume anafunsa kuti ndi ndani. Iye anati ndi kondakitala wa minibasi ya ku Lusaka, dzina sakulidziwa. Anafunsa kuti kangati. Anati kamodzi. Mawu ake anali ngati a munthu amene akuyankha mafunso a kalembera. Doris analira mokweza, kulira kwa munthu amene wapambana, ndipo amalume anapemphera pemphero lalitali lokhudza mkazi wa ku chitsime.

Mizu sinavute kupeza. Doris anali atabwera nayo kale kuchokera ku Katete, pansi pa chikwama chija, asanalawe n'komwe ndiwo za mlamu wake. Anaiviika mu kapu yachitsulo, ndipo Nelesi anauzidwa kutapa mchere ndi dzanja lake, kuuthira m'madzimo, n'kundipatsa atagwada, m'mawa ndi madzulo, masiku atatu. Pondipatsa koyamba anandiyang'ana m'maso. Ankadikira kuti ndikane. Iye ankadziwa chimene mchere udzandichite, ine ndinkadziwanso, koma ndinamwa mpaka pansi. Kuyambira tsiku limenelo kasosa kanachotsedwa, mchere unabwerera mumphika, ndipo ndisaname, ndiwo zija zinkakoma.

Lachisanu ana a amalume anakwera minibasi limodzi ndi Nelesi, ndipo onse anayi anapereka magazi. Anyamatawo pobwerera anakhala mpando wakumbuyo, kutali naye. Pofika madzulo nkhani inali itamaliza kale Palabana yense, poti mkazi wa Jonas anabwera kudzabwereka sefa nthawi ya pemphero lija. Loweruka amayi a chigwirizano anatumiza awiri kudzauza Nelesi kuti ayambe waisunga yunifolomu yake mpaka akulu a mpingo atakhala pansi. Iye anali mlembi wawo zaka zisanu ndi ziwiri. Anawapatsa buku ndi cholembera, n'kuwaperekeza mpaka pamsewu monga mwa nthawi zonse. Nyumba ziwiri zinasiya kutenga mkaka wathu.

Ine nthawi yonseyi ndinali kalikiliki kudikira kuchira. Ndinkadina phazi ndi chala n'kuyang'ana ngati dzenjelo likubwerera. Lachisanu silinabwerere. Loweruka kutupa kunafika m'mawondo. Lamlungu sindinathe kumaliza chiganizo osapuma pakati, ndipo milomo inada. Doris anati ndi mankhwala akulimbana ndi matenda, koma ankanena akuyang'ana kukhomo. Amalume anali atabwerera kale ku Bundabunda, ntchito yawo itatha bwino. Lolemba kusanatenthe, amene anaima pakati pa msewu atatambasula manja kuimitsa minibasi anali Doris yemweyo.

Nelesi ndi Doris anandinyamula awiri, wina uku wina uku. Kondakitala anali mnyamata wamtali wa chipewa chofiira, ndipo atangoona Nelesi analumpha n'kumulandira chikwama.

"Amai, ndiye odwala banu aja aba? Nkhalani nabo kusogolo, kumbuyo kuli mabampu."

Anatsitsa munthu wina pampando wakutsogolo, n'kundikweza mondigwira m'chiuno. Ndikanayenera kumuthokoza. Mnyamatayo ankamudziwa Nelesi chifukwa anamunyamula maulendo khumi ndi angapo ndi mapepala anga m'manja, ndipo mwina anamumva akudandaula za ine. Izi ndinkazidziwa. Koma kuchokera pa Palabana mpaka kulowa m'tauni, munthu woti akubanika, ndinali kuyang'ana pa galasi dzanja lake lija limene linakhudza la mkazi wanga polandira chikwama. Ndinayamba kudzifunsa kuti mwa anthu onse a padziko Nelesi anasankhiranji kondakitala. Bodza limafuna kuganizira, koma iye anayankha msanga. Ananenanso kuti kamodzi, pamene munthu wongopeka akanatha kunena chilichonse. Pofika pa chipatala ndinali nditamanga mlandu woposa wa Doris.

Dokotala ataona miyendo yanga anavula magalasi. Anafunsa ngati ndakhala ndikudya mchere. Nelesi anayang'ana pansi, Doris anayang'ana kudenga, ndipo ine ndinati pang'ono pokha. Anandikalipira pamaso pa ophunzira ake asanu, n'kunena kuti pali anthu makumi angapo amene akulirira malo angawo. Komabe magazi anali atapezeka, choncho dzina silinachotsedwe. Anandibaya jakisoni wochotsa madzi, n'kusuntha opaleshoni kufika Lachinayi m'mawa.

Pofika masana ndinali nditadzaza mabotolo atatu a mkodzo, ndipo mpweya unayamba kulowa. Bedi langa linali pafupi ndi zenera. Doris anapita kukafuna madzi otentha, n'kusochera. Nelesi anatsegula chikwama n'kuyamba kuika zinthu mu kabati ka pambali pa bedi: thawulo, sopo, kapu, supuni, patapata. Ankandiuza chilichonse pamene wachiika, kuti ndisadzavutike kufunafuna ndi chifuwa chosokedwa. Pamkono pake panali pakadali bala lakuda pamene anamubaya Lachisanu.

Aka kanali koyamba kukhala awiriwiri chichokere kukhola kuja. Mawu ndinali nawo okonzeka, ndipo anali abwino. Ndinkafuna kunena kuti ndinkakumbukira za mchere, kuti ndinachita mantha, kuti ndikadzuka Lachinayi ndidzaima pamaso pa mpingo wonse n'kunena zoona. Ndinkamukonda mkazi ameneyu, ndipo sindinayambe ndamukondapo ngati mphindi imeneyo, ataweramira kabati ka chipatala. Ndinatsokomola kuti ndiyambe.

"Amake Daliso," ndinatero, "uja wa chisote chofiira, ndiye wamene uja?"

Anakankhira chikwama chija pansi pa bedi. Kenaka anatseka kabatiko pang'onopang'ono, n'kuimirira, n'kukonza chitenje chake. Sanakwiye. Ndikanakonda akanakwiya, chifukwa Nelesi wokwiya ndimadziwa pomuyambira. Nkhope yake inali ya munthu amene wamaliza ntchito imene anapatsidwa.

Nthawi yomweyo kunabwera nesi ndi fomu pa kathabwa. Anandiwerengera zoti ndavomera opaleshoni ndiponso kuti andiuza zoopsa zake, ndipo ndinasaina. Kenaka anati pakufunika dzina la munthu wapafupi, woti adzasaine pansi pake, amene madokotala adzamuitane ndikatuluka, kapena kukachitika china. Ponena zimenezi anali atalozetsa kale cholembera kwa Nelesi.

"Lembani Doris Sakala," anatero Nelesi. "Ni alongo bao. Bazabwera manje manje."

Nesi analemba, n'kufunsa kuti nanga iwo ndi ndani.

"Ine nabweretsa chabe chola."

Anatenga kachikwama kake kam'manja n'kuyenda pakati pa mabedi, osafulumira. Ndinauza nesi kuti ameneyo ndi mkazi wanga, kuti afufute alembe Nelesi. Mawu anatuluka bwino ndithu, chifukwa jakisoni uja anali atagwira ntchito. Nesi anayang'ana kukhomo, n'kuyang'ana ine, n'kunena kuti fomu yalembedwa kale ndi inki, ndipo ngati ndikufuna kusintha, mwiniwakeyo abwere adzasaine yekha.

Lachiwiri anandimeta pachifuwa n'kundiphunzitsa kukhosomola nditakumbatira pilo. Pa nthawi yoona odwala ndinayang'ana kukhomo mpaka belu litalira. Lachitatu anandiletsa kudya kuyambira madzulo, ndipo ndinayang'ananso kukhomo. Kunabwera Jonas ndi malalanje, n'kundiuza kuti ng'ombe zikukamidwa bwino, mkaka ukupita, ndisade nkhawa ndi kalikonse. Ndinafunsa ngati Nelesi wanditumizira mawu. Jonas anayamba kusenda lalanje limene sindikanaloledwa kudya.

Lachinayi m'mawa anandiveka chovala chotseguka kumbuyo n'kundikweza pa bedi la matayala. Sowo ija ndinali nditaiiwala. Njira yonse yopita ku chipinda cha opaleshoni ndinkatembenuza mutu kuyang'ana anthu okhala pa mabenchi, mmodzimmodzi, ndipo amene ankathamanga pambali panga akulira, atagwira chitsulo cha bedi, anali Doris.